Mafunso Anu: Kodi moto wa magetsi ungasandutse mafuta olemera kukhala dizilo?

Makalata a mwezi uno achokera ku Chigwa cha Shire. Mizere ya galimoto ikatalika pa malo omwetsera mafuta ku Nchalo ndi ku Bangula, dizilo wa m'zigubu n'kukwera mtengo, anthu amayamba kufunsa ngati palibe njira ina. Ambiri mwaona makanema pa Facebook ndi pa WhatsApp onena za plasma. Akuyankha ndi anzathu a ntchito yoyenga mafuta pamodzi ndi a zamagetsi amphamvu.

FUNSO: Ine ndimawotcherera zitsulo pa Nchalo. Ndinaona kanema wonena kuti kunja akuphwanya mafuta olemera ndi plasma n'kupeza dizilo. Mnzanga akuti kamoto kaja kamayaka pa nsonga ya rodi ndi plasma yomweyo. Akundinamiza kapena?

YANKHO: Mnzanuyo sakunama, Bambo. Mpweya wamba sulola magetsi kudutsa. Koma magetsi akaukulira mphamvu, maatomu ake amayamba kutaya maelekitironi, mpweyawo n'kusanduka njira ya magetsi, n'kuyamba kuwala. Ukafika pamenepo ndiye plasma, dzina limene Irving Langmuir anapereka mu 1928. Mphezi ndi plasma. Kamoto ka pa pulagi ya njinga yamoto ndi plasma. Nyali zazitali za chubu zija zili ndi plasma mkati.

Kuti magetsi aboole mpweya wouma pamafunika mavolti pafupifupi 3,000 pa milimita iliyonse. Makina anu safikako: asanayake amakhala pa mavolti 50 mpaka 80, n'chifukwa chake mumayamba mwakhwekhweretsa rodi pa chitsulo kuti moto ugwire. Ukagwira, mavolti amatsikira pa 20 mpaka 30, koma maampeya ndiye amachuluka, 100 kapena kuposa pa rodi ya mamilimita 3.2. Pakati pa kamotoko kutentha kumapitirira madigiri 5,000.

Imeneyo ndi plasma yotentha, momwe chilichonse chili mkatimo chimatentha mofanana. Palinso plasma yozizira, ndipo ndi imene ofufuza za mafuta ayikapo mtima kwambiri. Mmenemo othamanga mwaukali ndi maelekitironi okha, pomwe mpweya wonsewo ukhoza kungokhala wofunda. Mphamvu ya elekitironi amayeza mu eV, ndipo mu plasma yozizira imakhala pakati pa 1 ndi 10. Mfundo yolumikiza kaboni ndi kaboni mnzake m'mafuta imaduka ndi ma eV pafupifupi 3.6, ya kaboni ndi haidrojeni pafupifupi 4.3. Ndiye kuti elekitironi imodzi ikhoza kudula mfundo popanda kuwiritsa thanki yonse. Chiyembekezo chonse cha luso limeneli chagona pamenepa.

Koma moto wa rodi yanu mukaumiza m'mafuta simupeza dizilo. Pa madigiri 5,000 mafuta saduka pakati, amaphwasukiratu. Chotsala ndi mwaye, haidrojeni ndi acetylene, gasi yemwe uja mumadulira zitsulo.

FUNSO: Ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale ina ku Ngabu. Ana andifunsa kuti mafuta olemera amasiyana pati ndi opepuka, nanga n'chifukwa chiyani pakufunika njira yatsopano pamene dziko lakhala likuyenga mafuta kuyambira kalekale?

YANKHO: Aphunzitsi, auzeni anawo awerenge makaboni. Mafuta onse a pansi pa nthaka ndi maunyolo a kaboni ovala haidrojeni m'mbali. Gasi wotchedwa methane ali ndi kaboni mmodzi. Gasi wophikira wa m'masilinda ali ndi 3 kapena 4. Petulo ali ndi pakati pa 5 ndi 12, palafini cha pa 10 mpaka 16, dizilo cha pa 12 mpaka 20. Unyolo ukapitirira 25, mafuta amayamba kulimba, ndipo pamapeto penipeni pali phula limene limafewa pa msewu wa M1 dzuwa la Okutobala likafika pa liwombo. Phula limenelo ndi chotsalira cha mafuta atachotsedwa zonse zopepuka.

Ogula mafuta osayenga amagwiritsa ntchito muyezo wa API poyeza kulemera kwake. Madzi ali pa 10. Mafuta opitirira 31 ndi opepuka, ochepera 22 ndi olemera, ndipo ochepera 10 amamira m'madzi. Ochuluka a mtundu wolemerawu ali ku Orinoco m'dziko la Venezuela ndi ku Athabasca m'dziko la Canada. Kufupi ndi kwathu kuno ali ku Tsimiroro ku Madagascar. A ku Athabasca sayenda m'paipi paokha; amayamba awasakaniza ndi mafuta opepuka, pafupifupi magawo 30 pa 100, kuti apopeke.

Gawo loyamba la kuyenga ndi kutcheza, monga mmene amatchezera kachasu: kutenthetsa, nthunzi n'kukwera, n'kukazizira kwina. Mafuta amawatenthetsa kufika pa madigiri 350 mpaka 370, ndipo chilichonse chimatuluka pa msinkhu wake mu nsanja yotchezera. Kutcheza kumangolekanitsa zomwe zilimo kale. Mafuta akakhala olemera, gawo lalikulu limatsalira pansi, ndiye pafunika kudula maunyolo.

Podula m'pamene pali samu yomwe ana anu angawerengere pa bolodi. Tengani unyolo wa makaboni 36, C36H74. Muudule pawiri kuti mupeze zidutswa zitatu za C12H26. Zitatuzo zikufuna maatomu a haidrojeni 78, koma inu muli ndi 74. Anayi akusowa. Kulikonse kumene mwadula kwatsala manja awiri opanda chogwira. Pa kaboni aliyense, mafuta olemera ali ndi haidrojeni pafupifupi 1.5, dizilo pafupifupi 1.9, methane 4. Choncho njira zilipo ziwiri zokha: kuchotsako kaboni kapena kuwonjezera haidrojeni.

Ochotsa kaboni amaphika zotsalirazo pa madigiri pafupifupi 500 mpaka gawo lina lisanduke makala olimba, lina nthunzi yopepuka. Ena amagwiritsa ntchito katalisti waufa, chinthu chofulumizitsa kudukako (masiku ano ndi zeolite), pa madigiri 500 mpaka 540, njira yomwe inayamba kugwira ntchito ku Baton Rouge m'dziko la America mu 1942. Owonjezera haidrojeni amagwira ntchito pa madigiri pafupifupi 400, koma mpweya atathinitsa kufika pa mabaa 100 mpaka 200. Tayala la lole limakhala pa 7 kapena 8. Matanki ake chitsulo chimakhuthala masentimita 20 ndi kuposa, mtengo wake n'ngosasimbika, ndipo zitsulo za vanadium ndi nickel komanso sulufule za m'mafuta olemera zimapha katalisti msanga. Amene akuyesa plasma akuthawa zimenezi: akufuna kudula popanda katalisti, popanda kuthinitsa mpweya, ndiponso kutenga haidrojeni mwachindunji ku methane amene nthawi zambiri amangowotchedwa pa zitsime za mafuta.

FUNSO: Ndikuphunzira zamagetsi ndipo kwathu ndi ku Nsanje. Makina amenewa amaoneka bwanji, ndipo ntchito imayenda motani kuyambira poyamba mpaka pomaliza?

YANKHO: Achimwene, tifotokoza mtundu umene umapezeka kwambiri m'malabu, wa kamoto koyaka mkati mwa thovu la gasi. Ambiri mwa makinawa ndi aang'ono, okwana pa tebulo, ndipo amanyamula mafuta osakwana malita ochepa.

Ntchito imayambira pa mafutawo. Amawasefa kuchotsa mchenga, amachotsa madzi ndi mchere, kenaka amawafunditsa, kawirikawiri kupitirira madigiri 100, kuti pampu ithe kuwakankha. Madzi akatsalamo amakoka magetsi n'kuwamwaza, kamoto osayaka pomwe mukufuna.

Mtima wa makinawo ndi chubu cha galasi la quartz kapena dongo lowotcha lolimba, chifukwa chitsulo chingabe magetsi. Pansi pa chubucho pali kapaipi kachitsulo kopyapyala ngati jakisoni. Kapaipi kameneka kali ndi ntchito ziwiri: ndi nsonga ya magetsi amphamvu, komanso ndi polowera gasi. Pamwamba pake, mamilimita angapo kapena sentimita imodzi, pali mbale yachitsulo yolumikizidwa ku nthaka. Mafuta amadzaza pakati pa ziwirizi.

Asanayatse chilichonse amapopamo nayitrojeni kapena argon mpaka mpweya wamba wonse utuluke. Amene walumpha gawo limeneli wapanga bomba. Akatero amatsegula methane kapena haidrojeni, gasiyo n'kumatuluka pa nsonga ya kapaipi ngati timathovu tokwera m'mafutamo.

N'chifukwa chiyani thovu? Inu a zamagetsi mukudziwa kuti mafuta amatsekereza magetsi kuposa mpweya. Oyilo wabwino wa thiransifoma akamamuyesa pa mpata wa mamilimita 2.5 amapirira mavolti 30,000 kapena kuposa, pamene mpweya pa mpata womwewo umabooka usanafike 10,000. Ndiye kamoto kamasankha njira yofewa, kamayaka mkati mwa thovu.

Magetsi ake sayenda mosalekeza. Amabwera mokhapa, mavolti 10,000 mpaka 30,000, kukhapa kulikonse kosatha ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi, kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Kufupika kumeneku n'kwadala. Maelekitironi ndi opepuka, amathamanga nthawi yomweyo. Gasi ndi wolemera, asanayambe kutentha magetsi amakhala atazima kale. Mukatalikitsa, plasma yozizira imasanduka moto wa wowotcherera uja.

Mkati mwa thovumo maelekitironi amathyola methane kukhala CH3 ndi H. Tizidutswa timeneti sitikhalitsa tokha, timagwira chilichonse chili pafupi. Tikafika pa khungu la thovu timakumana ndi maunyolo a mafuta, ena timawadula, ena oduka kale timawatseka kumapeto kuti asalumikizanenso. Zindikirani kuti zonsezi zimachitikira pa khungu lokhalo. Plasma silowa mkati mwa mafuta. Dontho lomwe silinakhudze thovu latuluka mmene linalowera, n'chifukwa chake mafuta amawazunguliza ndi pampu kangapo, ndipo ena amawapopera ngati nkhungu kapena kuwayendetsa mopyapyala pa khoma la chubu.

Zotuluka pamwamba zimadutsa m'paipi yozizira. Zamadzimadzi zimagwera m'botolo, gasi wotsala amamuyeza n'kumubwezera kapena kumuwotcha.

Mitundu ina ilipo. Wina umayika galasi pakati pa nsonga ziwiri kuti moto usagwirane pamodzi, nzeru yomwe Werner von Siemens anapangira gasi wotchedwa ozone mu 1857. Wina uli ndi zitsulo ziwiri zotalikirana kumwamba, moto n'kumakwera pakati pake ukuuluzidwa ndi gasi. Wina umagwiritsa ntchito microwave.

Pomaliza ndi kuyeza, ndipo apa m'pamene ambiri amadzinamiza. Kuona kuti mafuta afewa si umboni. Gasi wopepuka akasungunukira m'mafuta amawafewetsa kwa kanthawi, akauluka mafuta n'kubwerera mwakale. Wofufuza weniweni amayika pa sikelo zonse zolowa ndi zotuluka, mwaye womwe, amatcheza mafutawo kuti aone kuchuluka kwa zowira pansi pa madigiri 350 asanayambe ndi atamaliza, amawerenga magetsi pa soketi polowera m'makina osati pa nsonga, ndipo amayezanso pakapita milungu.

FUNSO: Ndinagwirapo ntchito yokonza mathiransifoma, pano ndinapuma, ndikukhala ku Dyeratu. Ife moto ukayaka mu oyilo tinkati ndi ngozi, oyilo ankada n'kutulutsa gasi. Ndiye zatheka bwanji kuti lero chomwecho chikhale chaphindu?

YANKHO: Akuluakulu, inu mwaona ndi maso chimene chikuvutitsa ofufuza. Gasi amene ankasonkhana mu Buchholz relay, kachipangizo kochenjeza za vuto mu thiransifoma, ndi mafuta oduka. Oyeza oyilo wa thiransifoma amadziwa vuto poona mtundu wa gasi: haidrojeni wambiri amasonyeza timoto tating'ono tobisika, methane ndi ethylene amasonyeza kutentha kwa waya kapena chitsulo, acetylene amasonyeza moto weniweni wolumpha. Onani kuti pa mndandanda umenewu palibe petulo kapena dizilo. Magetsi akasiyidwa okha amakonda kubenthula kumapeto kwa unyolo n'kupanga gasi, m'malo modula pakati. Ili ndi vuto loyamba.

Lachiwiri ndi mwaye uja munkauona. Kaboni amadutsitsa magetsi. Akachuluka m'mafuta amamera ngati kaulusi kuchokera pa nsonga kupita pa mbale, ndipo akangolumikiza, magetsi amadutsa mwa iye, kamoto n'kuzima. Akamata pa khoma la galasi, magetsi amakwawa pa khomalo mpaka galasi kung'aluka. Kapaipi ka gasi nako kamatsekeka. Makina amene ayenda bwino ola limodzi mu labu sanatsimikize kanthu. Malo oyengera mafuta amayenda zaka asanazimitse.

Lachitatu ndi lodabwitsa kwa ambiri: plasma yozizira ikhoza kulimbitsa mafuta m'malo mowafewetsa. Maunyolo awiri aatali akathyoledwa haidrojeni, ndipo pafupi palibe haidrojeni wina wotseka bala, amagwirana okhaokha n'kupanga unyolo wotalika kuposa poyamba. Si zongoganizira. Zaka zoposa 100 zapitazo, ku Belgium ndi ku Germany anayamba kugwiritsa ntchito timoto ta magetsi polimbitsa dala oyilo wa injini, ndipo njirayo inkadziwika ndi mayina a Elektrion ndi Voltol. Choncho makina amodzimodziwo akhoza kudula kapena kulumikiza, malinga ndi kutentha ndi kuchuluka kwa haidrojeni.

Apa pali mfundo imene otsatsa malonda sanena. Pa madigiri 400 ndi kuposa, chidutswa chimodzi chothyoka chimathyola chinzake, chinzakecho n'kuthyolanso china, ntchito n'kumadziyendera yokha. Mafuta akakhala ozizira zimenezi sizichitika, mfundo iliyonse mumailipira ndi magetsi. M'kuona kwathu, ngati plasma idzapeze malo pa ntchitoyi, idzakhala yoyambitsa chabe pa mafuta otentha kale, osati yogwira ntchito yonse pa mafuta ozizira.

Mavuto ena ndi achidule. Zidutswa zosatsekedwa bwino zimasanduka utomoni pakapita masiku, mafuta n'kuda ali m'botolo. Sulufule amatuluka ngati H2S, gasi wonunkha ngati dzira lovunda, amene akafika pa magawo 100 mwa 1,000,000 amapha mphuno, munthu n'kuganiza kuti watha, ndipo akapitirira 700 amagwetsa munthu nthawi yomweyo. Vanadium ndi nickel sizipita kulikonse. Ndipo paipi ya kopa siyenera kukhudzana ndi acetylene, chifukwa ziwirizi zimapanga mchere wophulika ukangogundidwa.

FUNSO: Ndimachita bizinesi ya zoyendayenda pa Bangula. Magetsi timapanga tokha pa Kapichira pompa. Bwanji boma osagula mafuta olemera otchipa n'kumawayenga kuno ndi plasma?

YANKHO: Bwana, tiyeni tiwerengere limodzi. Tibwerere ku unyolo wa makaboni 36 uja. Kuti kilogalamu imodzi idulidwe pawiri pawiri, mphamvu yothyolera mfundo zokha ndi pafupifupi mayunitsi 0.4 a magetsi, yuniti yake yomwe ija mumagula ya pa mita. Zimenezo n'zoti elekitironi iliyonse yamenya pamalo oyenera. Koma magetsi ambiri amathera mu kutentha, kuwala ndi kupanga gasi. Tingoyerekeza kuti gawo limodzi mwa 10 ndi limene lagwira ntchito: mwalipira mayunitsi 4. Lita ya dizilo ili ndi mphamvu ya mayunitsi pafupifupi 10, koma jenereta imatulutsamo 3 kapena 3.5 okha. Woyendetsa makina oterewa pa jenereta akuwotcha dizilo pafupifupi wofanana ndi amene akupanga.

Tsopano tiwachitire chifundo makinawo, tinene kuti akudya yuniti imodzi yokha pa kilogalamu. Malo oyengera aang'ono kwambiri, a migolo 10,000 pa tsiku, mgolo uliwonse malita 159, akuyenga matani pafupifupi 1,500. Amenewo ndi mayunitsi 1,500,000 pa tsiku, kapena mamegawati oposa 60 usana ndi usiku. Kapichira yonse imapanga pafupifupi 130. Mukukumbukira mmene dziko linakhalira namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ake osabwerera mpaka 2023. Kutenga theka la Kapichira n'kupatsa makina amodzi si nkhani yoti anthu angaimve.

Komanso mafuta olemerawo tilibe. Malawi alibe chitsime cha mafuta chomwe chikupopedwa, alibenso malo oyengera. Petulo ndi dizilo amabwera oyengayenga kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Mafuta olemera angadzere njira zomwezo, pa ndalama zakunja zomwezo, m'mathanki ofunika kufunditsa kuti atsitsike. Methane woperekera haidrojeni nayenso n'ngogula: wapafupi ali ku Pande ndi Temane ku Mozambique, ndipo paipi yake inalowera ku Secunda ku South Africa. Zikatuluka mu plasma si zoti mungathire m'galimoto. Ziyenera kutchezedwanso ndi kuchotsedwa sulufule.

Kumene plasma yapinduladi ndi kumene anthu anavomera zomwe iyo imakonda kupanga. Ku Marl m'dziko la Germany, fakitale ya Hüls inayamba mu 1940 kupanga acetylene ndi moto wa magetsi. Ku Nebraska m'dziko la America, kampani ya Monolith imaphwanya gasi wachilengedwe ndi plasma kuti ipeze haidrojeni ndi mwaye wosalala wopangira matayala. Pa mafuta olemera, ntchito ikadali ya m'malabu ndi makina oyeserera. Cholinga cha ambiri si dizilo n'komwe, koma kungofewetsa mafuta pa chitsime kuti ayende m'paipi popanda kusakaniza ndi opepuka.

Mafuta amene chigwa chino chimapangadi ndi ethanol. PressCane ku Chikwawa yakhala ikutcheza molasi wa nzimbe kuyambira 2004, kutsatira fakitale ya ku Dwangwa yomwe inayamba mu 1982, ndipo ethanol ameneyo amasakanizidwa mu petulo amene mumamwetsa.

FUNSO: Wina akugulitsa kachipangizo kovala pa paipi ya mafuta, kolumikiza ku batire, akuti ndi ka plasma ndipo kamapepukitsa dizilo kuti asamathe msanga. Ndigule? Ndine wa kabaza wa njinga yamoto ndipo mchimwene wanga ali ndi minibasi, Chikwawa boma.

YANKHO: Musagule, achimwene. Mavolti 12 kunja kwa paipi sangayatse plasma mkati mwa mafuta, ndipo akanati ayatse, bwenzi paipiyo itadzaza gasi ndi mwaye, injini n'kuzima. Ndalamayo gulirani sefa ya mpweya yatsopano.

FUNSO: Ndili ndi chigayo cha dizilo kufupi ndi Makhanga. Ndasunga migolo iwiri ya oyilo wakuda wochotsa mu injini. Mwana wanga akuti tikhoza kumuphika mu mgolo, kapena kuyikamo moto wa makina owotcherera, n'kupeza dizilo wa chigayo. Tiyese?

YANKHO: Mayi, ayi, ndipo mwanayo mumuonetse yankho lino. Nzeru yake ili ndi mutu: oyilo wa injini ndi maunyolo a makaboni 20 mpaka 50, ndipo akafika pa madigiri pafupifupi 400 amadukadi. Vuto ndi zimene zimachitika musanafike pamenepo.

Oyilo wakale amakhala ndi madzi, ndipo madziwo amakhala pansi pa mgolo. Oyilo wa pamwamba akapitirira madigiri 100, madziwo amasanduka nthunzi mwadzidzidzi. Lita imodzi ya madzi imapanga malita pafupifupi 1,700 a nthunzi. Oyilo wotentha amafufuma n'kutumphukira pa moto ndi pa munthu amene wayima pafupi. Mukapulumuka pamenepo, pa madigiri 400 nthunzi ya mafuta siyembekeza machesi, imayaka yokha ikangokumana ndi mpweya, ndipo mgolo wowotcherera pakhomo sulephera kukhala ndi pothonya. Paipi yotulukira ikatsekeka ndi makala, mgolo umaphulika. Za moto wa makina owotcherera ndiye zoopsa koposa: mukupanga haidrojeni ndi acetylene mu mgolo womwe muli mpweya. Haidrojeni amayaka akakhala magawo 4 mpaka 75 pa 100 mu mpweya, acetylene kuyambira 2.5. Ngakhale mgolo wopanda kanthu womwe munali mafuta usamadulidwe ndi moto kapena galainda usanatsukidwe ndi kudzazidwa madzi.

Tinene kuti zonse zayenda bwino, mwapeza botolo la mafuta ofiirira. Si dizilo. Dizilo wa pa pampu sayenera kugwira moto asanafunde kupitirira madigiri 50, pomwe wa mu mgoloyu ali ndi zopepuka zoyaka ngati petulo, moti m'chigayo chotentha cha mwezi wa Novembala ndi ngozi pakokha. Alinso ndi asidi, sulufule, ndi phulusa la zinki ndi kashiamu lochokera ku mankhwala a mu oyilo. Injini ya silinda imodzi imayamba yalira bwino, ndipo anthu amanyengeka pamenepa. Pakapita milungu sefa ya mafuta imatsekeka ndi utomoni, nozo imamera makala n'kuyamba kudontha m'malo mopopera, utsi umada, pulanja ya pampu imakalika, maring'i amamata, oyilo wa mu sampu n'kuyamba kuchuluka yekha chifukwa mafuta osapsa akutsikiramo. Mu galimoto zamakono, zomwe zimapopa dizilo pa mabaa 1,600 ndi kuposa, thanki imodzi ikhoza kupha mainjekita onse.

Migolo yanuyo chitani nayo motere. Tsekani zivundikiro zonse ziwiri zolimba. Musasakanizemo petulo, mafuta a buleki, madzi a rediyeta kapena oyilo wa thiransifoma, amene wakale wake amatha kukhala ndi mankhwala a poizoni otchedwa PCB. Oyilo wosasakaniza ndi amene ogula amamufuna, kaya okamuyenganso kaya okawotcha m'ng'anjo za m'mafakitale. Kuti mudziwe ngati muli madzi, tengani dontho la pansi pa mgolo ndi kapaipi, mulidonthetsere pa chitsulo chotentha kupitirira pang'ono pa madzi owira. Likathetheka, madzi alimo. Funsani ku ofesi ya zachilengedwe ya khonsolo ya Nsanje za otolera ovomerezeka.

Musamuthire m'chimbudzi pofuna kupha fungo, kapena pabwalo pofuna kugoneka fumbi. Kwanuko madzi a pansi ali pafupi, ndipo mjigo suchedwa kulawa. Popeza Ruo ndi Shire zikasefukira Makhanga amamira, migoloyo ikhale pa nsanja yokwera kupitirira pomwe madzi a namondwe Freddy anafika mu 2023, yoyimirira, yomangidwa ndi tcheni ku mzati.

Ngati cholinga n'kuchepetsa dizilo, yambani ndi chigayocho. Tembenuzani mahamala akatha mbali imodzi, sinthani sefa ya ufa ikatsekeka maso, kungani lamba asamaterereke, tsukani sefa ya mpweya kawirikawiri chifukwa m'chigayo fumbi la ufa silitha, ndipo nozo ipite kwa makaniko wokhala ndi pampu yoyezera kuti aone ngati ikupopera nkhungu kapena ikudontha.